Pele wa m'buku la Wonder Woman: mkwiyo ulipo, phiri lasowa

M'chaka cha 2009, owerenga mabuku a nthano zazithunzi a kampani ya DC Comics anaona Wonder Woman atakumana ndi mdani wosatheka kumugonjetsa ndi nkhonya. Ndewuyo inachitikira mumzinda wa Tokyo, m'bwalo lachinsinsi momwe anthu a mphamvu zodabwitsa amamenyana ena akubetcha ndalama. Mdaniyo anali Pele, mulungu wamkazi wa moto ndi mapiri ophulika wa anthu a ku Hawaii. Nkhaniyo analemba ndi Gail Simone, zithunzi anajambula ndi Aaron Lopresti.

Pele sanangotulukira ngati bowa. Simone anali atatchera msampha wake kalekale. Kumayambiriro kwa nkhani zake, Diana, lomwe ndi dzina lenileni la Wonder Woman, anasowa njira yofikira kwawo ku chilumba cha Themyscira pomwe mayi ake anali pangozi. Milungu ya Agiriki inali itasowa, ndipo milungu ina yomwe anaidandaulira inamukana. Amene anamumvera chisoni ndi Kāne Milohai wa ku Hawaii, ndipo Diana analumbira kuti adzamutumikira. Zeus, mfumu ya milungu ya Agirikiyo, atabwerera sanakondwe nazo: anapha Kāne, n'kumuzula mtima, mtimawo n'kuumbira msilikali wake watsopano, Achilles. Choncho pomwe Pele akufika ku Tokyo, akufika ngati mwana woferedwa bambo, wofuna kudziwa kuti amene analumbira uja anali kuti tsiku la imfalo.

Apa m'pomwe luso la Simone likuonekera, ndipo ndiyenera kumuyamikira ndisanayambe kumudzudzula. Adani ambiri a m'mabuku otere zifukwa zawo n'zopepuka: uyu akufuna kulamulira dziko, uyo akufuna chuma, wina ndi woipa basi chifukwa tsamba likufuna munthu woipa. Pele ali ndi mlandu weniweni, ndipo mlanduwo ndi womveka. Wowerenga amapezeka kuti wagawika pakati, chifukwa amene amamukonda ndiye akuimbidwa mlandu, ndipo woimba mlanduyo sakunama. Ndewuyo sikutha ndi chibakera chachikulu monga mwa chizolowezi. Diana akuvomera ngongole yake n'kudzipereka kwa mwana wa malemuyo. M'mabuku omwe pafupifupi chilichonse chimatha ndi kugwetsana, mathero otere ndi osowa.

Komabe funso langa ndi lakuti: kodi ameneyu ndi Pele? Zeus mlembi angamupinde mmene angafunire, pakuti akachisi ake ambiri ndi mabwinja okaonako alendo, ndipo alakatuli akhala akumuseweretsa kwa zaka zikwi ziwiri ndi kupitirira. Pele ndi nkhani ina. Mbadwa za ku Hawaii, zomwe ufumu wawo unagwetsedwa m'chaka cha 1893 pomwe Mfumukazi Liliʻuokalani inachotsedwa pampando, dziko n'kulandidwa ndi United States mu 1898, mpaka lero zimamutchula kuti Tūtū Pele, kutanthauza agogo. Kwawo kwa Pele n'kodziwika: dzenje la Halemaʻumaʻu, pamwamba pa phiri la Kīlauea. Anthu amapitabe m'mphepete mwa dzenjelo kukaimba ndi kukapereka mphatso, ndipo mwambo umati usadye zipatso za ʻōhelo usanamugawireko mwini malo. Magule ambiri akale a hula amanena za iye ndi abale ake.

Abale akewo ndiwo buku la DC linataya, ndipo kutayako n'kwakukulu. Simone anachita kuti Kāne Milohai akhale bambo wa Pele, pomwe m'nthano zambiri za ku Hawaii iyeyu ndi mlongo wake. Pa ichi sindimuimba mlandu waukulu, popeza nthanozo zimasiyana malinga ndi banja komanso chilumba. Chondiwawa n'chakuti nkhani ya Pele ndi ya akazi apachibale, ndipo buku lonena za Wonder Woman, mwana wa chilumba cha akazi okhaokha, linali malo oyenera kuifotokoza. Pele anachoka kwawo ku Kahiki pa bwato atayambana ndi mkulu wake Nāmakaokahaʻi, mwini nyanja. Pachilumba chilichonse ankakumba dzenje la moto ndi ndodo yake yotchedwa Pāoa, madzi n'kumuzimira, mpaka anakafika pachilumba chachikulu cha Hawaiʻi. Mng'ono wake wokondedwa, Hiʻiaka, anamunyamula paulendowo akadali dzira. Hiʻiaka atakula, Pele anamutuma ku Kauaʻi kukatenga mwamuna wotchedwa Lohiʻau, n'kumupatsa masiku 40, iye n'kulonjeza kuti asamala nkhalango ya mitengo ya ʻōhiʻa lehua ya Hiʻiaka pamodzi ndi mnzake Hōpoe. Masiku atapitirira, nsanje inamugwira Pele: anatentha nkhalangoyo ndipo Hōpoe anasanduka mwala.

Taonani kulemera kwa nkhani imeneyi. Muli lonjezo losweka, muli chikondi cha pachibale chosanduka udani, muli mulungu amene walakwa. Pele wa m'nthanoyi ndi wokonda, wansanje, wopupuluma, wowolowa manja nthawi zina, ndipo amatha kuonekera ngati namwali wokongola kapena nkhalamba yopempha chakudya. Pele wa ku Tokyo ali ndi nkhope imodzi yokha, ya mkwiyo. Mkwiyowo unalembedwa bwino, inde, koma ndi chingwe chimodzi cha zeze wa zingwe zambiri.

Nthano ya Hiʻiaka si yongosangalatsa ana. Katswiri wa mapiri ophulika Don Swanson, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa Kīlauea, analemba mu 2008 kuti kutenthedwa kwa nkhalango kuja kukugwirizana ndi chiphalaphala chachikulu cha ʻAilāʻau chomwe chinayenda kwa zaka zambiri m'zaka za m'ma 1400, ndiponso kuti kukumba kwa Hiʻiaka pofunafuna mtembo wa Lohiʻau Pele atamupha kukugwirizana ndi kutitimira kwa nsonga ya phirilo cha m'ma 1500. Ndiye kuti nthanoyi ndi mbiri ya nthaka imeneyo. Ukamuchotsa Pele pamalopo n'kumuika m'bwalo la nkhonya kutsidya la nyanja, wamulanda chomwe chimamuchititsa kukhala Pele.

Ndifike tsopano pa zojambulazo, chifukwa nthano yazithunzi siyenda ndi mawu okha. Chida chachikulu cha wojambula ndi timabokosi ta patsamba ndi mpata woyera wa pakati pake. Mumpata umenewo ndimo nthawi imadutsa: pakati pa bokosi ili ndi lotsatira pangadutse kamphindi kapena zaka zana, wowerenga n'kulumikiza yekha. Mabuku a ngwazi zamphamvu anazolowera kugwiritsa ntchito chidachi pa liwiro lokha. Chibakera chanyamuka, chibakera chafika, khoma lagwa. Moto nawo amaujambula ngati chida choponya, malawi otuluka m'manja. Koma moto wa Kīlauea suchita choncho kawirikawiri. Phirili ndi la mtundu wotambalala, ndipo chiphalaphala chake nthawi zambiri chimayenda pang'onopang'ono, chakuda pamwamba, chofiira mkati, moti munthu angathe kuchithawa akuyenda wapansi. Kuopsa kwake n'kwakuti sichibwerera. Mu 1990 chinakwirira mudzi wa Kalapana nyumba ndi nyumba, eni ake akuonerera. Mu 2018 chinatulukira m'ming'alu ya ku Leilani Estates m'dera la Puna, n'kuwononga nyumba zoposa 700, komanso n'kuwonjezera nthaka yatsopano m'mphepete mwa nyanja. Mbadwa zambiri panthawiyo sizinalankhule ngati zaukiridwa ndi mdani. Zinkati Pele akutenga malo ake.

Ndi luso liti lingaonetse zimenezi kuposa nthano yazithunzi? Tangoganizani tsamba la mabokosi asanu ndi anayi, onse oonetsa mpanda umodzi wa nyumba, mzere wakuda ukusendera pang'ono m'bokosi lililonse, kenaka m'bokosi lomaliza kamtengo ka ʻōhiʻa katamera pamwala wozizira, pakuti mtengo umenewu ndi umodzi wa zoyamba kumera pachiphalaphala chouma. Kanema sangapirire kudekha kotere, ndipo buku la mawu okha lingangokufotokozera. Tsamba lojambulidwa lingakuonetse Pele ndi Hiʻiaka pamodzi popanda mawu ngakhale amodzi. Lopresti ndi wojambula waukhondo, wodziwa kuumba thupi ndi nkhope, koma nkhani yomwe anapatsidwa inafuna ndewu ya m'bwalo, ndipo ndewu ndiyo anajambula.

Nkhani ya maonekedwe a Pele si yachilendo ku Hawaii komweko. Kwa zaka zambiri, alendo ofika ku Hawaiʻi Volcanoes National Park ankaona chithunzi chomwe D. Howard Hitchcock anajambula mu 1927, choonetsa Pele wooneka ngati mzungu. Mu 2003 panachitika mpikisano, akuluakulu achihawaii n'kusankha chithunzi cha Arthur Johnsen: mkazi wa khungu lodera, dzanja lina lagwira ndodo yokumbira, lina lanyamula dzira. Akuluakuluwo anasankha Pele wodziwika ndi ntchito yake komanso m'bale wake, osati ndi malawi okha. Wojambula aliyense wofuna kumuika m'buku anayenera kuyambira pa zinthu ziwirizo.

Wina anganditsutse kuti buku ndi la Wonder Woman, osati la Pele, ndipo magazini ya mwezi ndi mwezi ya masamba opitirira 20 pang'ono singanyamule nthano yomwe inadzaza manyuzipepala a Chihawaii kwa miyezi yambiri, monga mmene mlembi Hoʻoulumāhiehie anaisindikizira mu 1905 ndi 1906. N'zoona. N'zoonanso kuti Simone sanamusandutse chilombo kapena choseketsa, zomwe alembi ena akanachita mosavuta. Koma kuchepa kwa masamba sikunamukakamize kusankha Tokyo. Mlandu womwewo ukanazengedwa m'mphepete mwa Halemaʻumaʻu, Diana atabwera yekha ngati wolakwa wodzapepesa pakhomo pa mwini wake, ndipo masamba akanakhala omwewo.

Chigamulo changa n'chakuti Gail Simone analemba bwino mwana wolira bambo ake, ndipo pa chimenecho nkhaniyi ndi yoyenera kuwerengedwa. Koma munthuyo akanatha kumupatsa dzina lina lililonse nkhani osasintha. Pele wa ku Kīlauea m'bukuli mulibe.