Wosankha Nyimbo Wopanda Mapazi

Mnyamata wa ku Mfuwe akatsegula Spotify pa foni, imene inafika m'Zambia m'caka ca 2021, ayesa kuti asankha yekha nyimbo. Si tero ai. Makina awerenga zimene iye ndi ena onga iye anamvera dzulo, nampatsa zofanana nazo lero; nyimbo ya ku Lagos ingobala inzace ya ku Lagos.

M'zaka za m'ma 1950 Alick Nkhata, wa wailesi ya ku Lusaka, anali kuyenda m'midzi kukajambula nyimbo zimene a m'tauni anali asanazimve. Koma makinawa alibe mapazi. Nyimbo za Akunda zoimbidwa pa Malaila kwa Nsefu, pakapanda wozijambula ndi kuziikamo, mnyamatayo sadzapatsidwa konse, cinkana ng'oma zace zimveka ali pa khonde la amace.