Mphoto ndi Mwana Woyamba Kuwerenga: Kupenda Mabuku Awiri a ku America

1. Mau oyamba

Posankha mabuku a ana, aphunzitsi ambiri amakhulupirira cidindo ca mphoto cimene cili pa cikuto. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mphoto iliyonse imayankha funso limene oweruza ake anadzifunsa, ndipo funsolo nthawi zina limasiyana ndi la mphunzitsi wa giredi yoyamba. Tipenda mabuku awiri amene analandira mphoto za bungwe la American Library Association.

2. Buku la zithunzi

Mphoto ya Caldecott, imene inayamba kuperekedwa mu 1938, imapita kwa wojambula zithunzi, osati kwa mlembi. Mu 1976 inaperekedwa kwa Leo ndi Diane Dillon cifukwa ca zithunzi za m'buku la Verna Aardema lochedwa Why Mosquitoes Buzz in People's Ears, nthano ya kumadzulo kwa Africa. Bodza la udzudzu licititsa buluzi wamkulu kutseka makutu ake ndi timitengo. Nsato, kalulu, khwangwala ndi pusi adzidzimuka motsatizana, mwana wa kadzidzi afa, ndipo make akana kudzutsa dzuwa kufikira mkango utazenga mlanduwo.

Mphamvu ya bukuli ili m'kubwereza ndi m'mvekero. Mboni iliyonse ikalankhula, mndandanda wa olakwa umatalika, kotero kuti ana amayamba kuuloweza ndi kuvomereza monga acitira pa nthano ya madzulo. Komabe ziganizo zake ndi zazitali, ndipo mvekero zake ndi zacilendo m'Cingerezi. Ili ndi buku la khutu ndi diso, lofuna munthu wamkulu woliwerenga mokweza. Kulipereka kwa mwana wongodziwa kumene malembo kuti alimbane nalo yekha ndiko kumufooketsa.

3. Buku la oyamba kuwerenga

Mphoto ya Geisel, imene inayamba kuperekedwa mu 2006, imayang'ana mwana wowerenga yekha. Dzinali ndi la Theodor Seuss Geisel, amene analemba The Cat in the Hat mu 1957 ndi mau osiyanasiyana 236, ndiponso Green Eggs and Ham mu 1960 ndi mau 50 okha. Mu 2008 mphotoyi inapita kwa Mo Willems cifukwa ca There Is a Bird on Your Head! Nkhani yonse ndi kukambirana kwa njovu ndi nkhumba za mbalame zimene zamanga cisa pamutu pa njovuyo. Mau ndi ocepa ndi obwerezedwa, ndipo nkhope za nyamazo zimauza mwana mmene ayenera kuchulira ciganizo ciliconse. Tiona pano kuti kucepetsa mau sikupha nthabwala.

4. Muyeso wa Cingerezi ndi Cinyanja

Vuto limabuka pamene mabuku otere amasuliridwa kapena kutsanziridwa m'Cinyanja. M'Cingerezi kalembedwe ndi kachulidwe zimasemphana kawirikawiri, ndiye cifukwa cake olemba amawerengera mau ndi kusankha afupiafupi. M'Cinyanja lembo limasunga liwu lake, ndipo cimene cimapunthwitsa mwana ndi kapangidwe ka phatikizo. Liu lakuti "galimoto" lili ndi maphatikizo anai, koma mwana amaliwerenga mosavuta. "Nkhwangwa" lili ndi awiri okha, koma loyambalo liunjika malembo anai opanda liwu. Mneni nayenso amatalika: "sitidzakuonaninso" ndi liu limodzi la maphatikizo asanu ndi atatu, ndipo ndi ciganizo cathunthu. Womasulira angathe kusunga ciwerengero ca mau ca Geisel, buku lake n'kukhalabe lolemera kwa mwana.

5. Mau omaliza

Tipereka maganizo awiri. Coyamba, mphunzitsi asanagule buku afunse ngati ndi lowerengera ana kapena lakuti ana awerenge okha; onse awiri ndi ofunika, koma nchito zao ndi zosiyana. Caciwiri, olemba athu atengere kwa Willems luso lofotokoza nkhani yokoma ndi mau ocepa, koma muyeso aupeze m'cinenero cathu: ayambe ndi maphatikizo monga ma, ka, li, kenaka mba ndi nda, ndipo nkhwa ndi mphwa zibwere pambuyo. Za kubwereza ndi mvekero, nthano zathu zili nazo kale zokwanira.