Wolambula njira wa ku Tasmania

Kumadzulo kwa Tasmania kuli mtengo wotchedwa horizontal. Umakula wowonda, n'kugwa chopingasa, n'kuphukanso nthambi, mpaka nkhalango kulukana ngati dengu. Munthu amayenda pamwamba pake osaponda dothi. M'tchire lotere, mvula ikuvumba, ndimo Thomas Bather Moore, wobadwa mu 1850, ankalambula njira ndi nkhwangwa, kamba ali kumsana, maso ali pamiyala kufunafuna golide. Mitsinje iwiri anaitcha Spero ndi Wanderer, mayina a agalu ake.

Luso lake ndimalilemekeza kwambiri: kudziwa polambalala dambo, powolokera mtsinje, pokwerera phiri, kuti wosenza katundu adutse bwino. Linda Track, yomwe anatsegula mu 1883, inakhala njira ya anthu opita kumigodi ya kumadzulo.