Za Mabuku Awiri a Masamu ndi Fizikisi

Ena a ife kuno ku Nsanama tigulitsa mpunga kuti mwana wopita ku yunivesite ku Zomba akhale ndi buku lakelake. Koma tigule buku lotani? Tiyeni tiyese awiri.

Loyamba ndilo The Feynman Lectures on Physics, lochokera m'maphunziro amene Richard Feynman anapereka ku Caltech, m'dziko la America, kuyambira 1961 kufikira 1963. Bukuli ndi lokoma ndithu, pakuti limasulira magwero a kuwala, magetsi ndi kayendedwe ka zakumwamba. Koma m'magawo ake atatu mulibe mafunso akuti wophunzira ayeserepo dzanja lake, ndipo mwiniwake anavomera m'mawu oyamba kuti sanakhutire ndi m'mene anathandizira ophunzira ake.

Lachiwiri ndilo Engineering Mathematics la K. A. Stroud, lotuluka mu 1970. Ili lilibe ulemerero wa linzake, ndipo silizama pa zifukwa. Koma limgwira mwana padzanja: lifunsa funso, mwana alemba, pamenepo lionetsa yankho, kuti wolakwa adziwe polakwa pake, angakhale ali yekha kumudzi wopanda mphunzitsi.

Chifukwa chake ife titi, ngati mpunga ukwanira buku limodzi lokha, gulani la Stroud. La Feynman mwana akaliwerenga kwaulere pa intaneti, kumene lipezeka kuyambira 2013. Pakuti masamu ali ngati kulima, ndipo palibe munthu anadziwa khasu pakungomva mbiri yake.