Kodi Nzika Iliyonse Ndi Mtolankhani?

Pa 22 February 2000, mtolankhani wa ku South Korea, Oh Yeon-ho, adakhazikitsa nyuzipepala ya pa intaneti yotchedwa OhmyNews. Mfundo yake idali yakuti nzika iliyonse ndi mtolankhani. Adayamba ndi anthu wamba 727, ndipo posakhalitsa olemba adafika zikwizikwi: aphunzitsi, ana asukulu, amayi apakhomo ndi ogwira ntchito m'maofesi. Ine ndimaiyamikira ntchitoyi, koma mfundoyo ndimaivomera theka lokha.

Choyamikirika nchoonekeratu. Nthawi imeneyo nyuzipepala zitatu zikuluzikulu, Chosun Ilbo, JoongAng Ilbo ndi Dong-A Ilbo, ndizo zinkasankha zoti dziko likambirane. OhmyNews idatsegula bwalo kwa amene mawu awo ankathera pakhonde. Mu 2002 galimoto yankhondo ya asilikali a America itagunda ndi kupha atsikana awiri asukulu, olemba wamba sadalole kuti nkhaniyo izizire, ndipo makamu adasonkhana mu Seoul atanyamula makandulo. Chaka chomwecho Roh Moo-hyun adapambana chisankho cha pulezidenti, ndipo nyuzipepala yoyamba kucheza naye idali OhmyNews.

Komatu apa mpomwe pali nkhawa yanga. Mtsogoleri akakusankha kuti ucheze naye poyamba, kodi mawa udzamudzudzula ndi mtima wonse? Ofooka adapeza mawu, inde, koma owerenga ena adayamba kuiona nyuzipepalayi ngati ya mbali imodzi, matenda omwewo amene idabwera kudzachiza.

Chachiwiri, anthu amaiwala kuti nkhani za nzikazo sizinkangotuluka. Akonzi olembedwa ntchito ankaziwerenga, kufufuza ngati nzoona, kenako nkusankha zoyenera tsamba loyamba. Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti kalata siituluka mu ofesi wina asadaiunike, ngakhale wolembayo akhale katswiri. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mphamvu ya OhmyNews idagona pa kusefako, osati pa kuchuluka kwa olemba kokha.

Chachitatu ndi ndalama. Mu 2006 kampani ya Softbank idaika ndalama zambiri, ndipo OhmyNews idatsegula nthambi ku Japan. Nthambiyo idalephera, nkusiya ntchito ya utolankhani wa nzika mu 2008. Chaka cha 2009 Oh Yeon-ho adachita kupempha owerenga kuti azisonkha ndalama mwezi ndi mwezi, poti otsatsa malonda sadali odalirika. Apa tikuona kuti kukula kwa dzina sikukula kwa thumba, ndiponso kuti mbewu yomera bwino dimba lina ikhoza kufota dimba linzake.

Lero aliyense wa foni m'manja amafalitsa nkhani pa Facebook ndi WhatsApp popanda womufunsa umboni. Loto la Oh Yeon-ho lakwaniritsidwa, koma mkonzi watsalira m'mbuyo. Ine ndikuti nzika iliyonse ikhoza kukhala mboni, ndipo mboniyo timve mawu ake. Koma mlandu saweruza ndi mboni zokhazokha. Pabwalo pamafunikanso nkhoswe zofunsa mafunso.