Khofi wa ku Gangneung ndi dzanja lomuthirira

Ku Gangneung kulibe munda wa khofi woti n'kudzitama nawo. Mzindawu uli kugombe lakum'mawa kwa South Korea, kuseri kwa mapiri a Taebaek, kumene mu Januwale madzi amauma n'kuzizira ndipo mtengo wa khofi wosiyidwa panja sungaone chaka chachiwiri. Pafupifupi njere zonse zimene amakazinga kumeneko zimachita kubwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Ethiopia, Kenya, Brazil, Colombia ndi Guatemala. Komatu anthu a ku Seoul amakwera sitima yothamanga ya KTX, imene inayamba kufika kumeneko mu Disembala 2017, n'kuyenda pafupifupi maola awiri kuti akamwe khofi mumzinda wa anthu ongopitirira 200,000. Ulendo wonsewo amakhala akulondola dzanja la munthu wogwira ketulo.

Chiyambi chake chinali chonyozeka. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Anmok, kugombe la mzindawu, unali mudzi wa asodzi, ndipo m'mbali mwa msewu wa kugombe munali mutandandalikidwa makina ogulitsa zakumwa. Munthu ankaponyamo kobiri, kakapu kapepala n'kugwa, n'kudzaza khofi wa shuga ndi mkaka wa ufa, wofanana ndi uja wa m'timapaketi amene kampani ya Dongsuh inayamba kugulitsa mu 1976. Anyamata ndi atsikana a m'tauni ankabwera madzulo n'kumamwa ataima, maso ali kumafunde. Panalibe luso lililonse pamenepa, koma anthu anazolowera kuti khofi ndi nyanja zimayendera limodzi.

Luso linafika ndi anthu. Park I-chu, Mkoreya wobadwira ku Japan, anaphunzira kukonza khofi kumeneko, n'kutsegula malo ake otchedwa Bohemian ku Seoul mu 1988. Atatchuka, anausiya mzinda waukulu n'kusamukira kugombe la kudera la Gangneung chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo okonda khofi anamulondola konko. Mu 2002 Kim Yong-duk, amene kale ankagwira ntchito kubanki, anatsegula Terarosa kumidzi ya kunja kwa mzindawu, poyamba ngati fakitale yokazinga njere n'kumagulitsa kwa ena. Ophunzira awo ndi ophunzira a ophunzirawo ndi amene adzaza mzindawu lero.

Kuti muone chimene anthuwa anabweretsa, khalani pafupi ndi kauntala wina akaitanitsa khofi wothirira pamanja. Zida zake n'zochepa: sikelo, kachigayo, kafanulo kokhala ndi pepala losefera, ndi ketulo ya khosi lalitali lopindika. Pepalalo si la ku Korea, analitulukira ndi mayi wina wa ku Dresden, Melitta Bentz, mu 1908, ndipo kathiridwe kodekha kameneka kanakhwimira m'nyumba za khofi za ku Japan. Mmisiri amayeza njere zokwana magalamu 20 kapena kucheperapo pang'ono, n'kuzigaya nthawi yomweyo, chifukwa khofi wogayidwa dzulo fungo lake linapita kale. Amagwedeza kafanuloko kuti ufa ukhale wosalala pamwamba. Madzi akawira sawathira pomwepo. Amawasamutsira mu ketulo ya khosi ija kuti atsike kufika pa madigiri 90 kapena chapompo, ndipo njere zokazinga kwambiri amazipatsa madzi ozizirirapo kuti zisawawe.

Kenako amathira timadzi tochepa, tongonyowetsa ufawo, n'kuimika dzanja. Apa m'pamene pali zoona ndi maso. Ufa uja umafufuma, umatukuka pakati ngati kachulu, pamwamba pake n'kumaphulika timathovu tofiirira. Ndi mpweya umene unatsekeredwa m'njere pokazinga, ndipo ukapanda kutuluka umakankha madzi kuti asalowerere. Njere zokhalitsa sizifufuma, zimangoti phwa, choncho m'masekondi 30 amenewa mmisiri amakhala atadziwa kale ngati khofi wake ali moyo. Salankhula ndi munthu. Maso ali pa thovu, chigongono chili chomata kunthiti.

Akayambiranso, madzi amatuluka ngati ulusi, osaduka, osanenepa. Amayambira pakati n'kumazungulira pang'onopang'ono kupita kunja, koma asanafike papepala amabwerera. Madzi akagunda pepala amatsetsereka m'mbali osadutsa mu ufa, ndipo kapu imatuluka yosukuluka. Akathira mwamphamvu, madziwo amakumba ngalande n'kumangodutsa pomwepo, kwina kuli kouma. Aliyense amene anathirirapo nazale ya fodya ndi kheni akudziwa vutoli: ukatsitsa madzi mwaukali umafukula mbewu, ukanyinyirika mbali ina imauma. Chodabwitsa n'chakuti mkono wokha suyenda. Thupi lonse ndi limene limazungulira pang'ono kuchokera m'chiuno, ndipo ketulo ikamapepuka madzi akamatha, dzanja limaipendeketsa mowonjezera kuti ulusi uja usasinthe kukula. Zimenezi sizilembedwa pa sikelo iliyonse. Zimalowa m'dzanja pambuyo pa makapu osawerengeka.

Pomatha mphindi zitatu amachotsa kafanuloko, kawirikawiri madzi otsiriza asanathe kudontha, popeza madontho omaliza amatenga kuwawa kosasangalatsa. Zoyamba kusungunuka ndi zowawasa ndi zonunkhira, zotsekemera zimatsatira, zowawa zimabwera pambuyo, ndiye luso lagona pa kudziwa poimira. Kapu amakhala ataitenthetsa kale ndi madzi otentha. Mukaipsontha isanazizire mumamva kulemera kwake pa lilime, ikamazizira m'pamene khofi wa ku Ethiopia amayamba kumveka ngati zipatso.

Theka la ntchitoyi limachitika kuseri, ku ng'oma yokazingira. Njere zaziwisi n'zobiriwira, zolimba, zonunkha ngati udzu. Zikamazungulira pa moto zimasanduka zachikasu, kenako zofiirira, ndipo kutentha kukayandikira madigiri 200 zimayamba kuthetheka. Wokazinga amamvetsera. Akazitulutsa kuthetheka koyambaku kutangotha, khofi amakhala wowawasa, wonunkhira maluwa. Akadikira kuthetheka kwachiwiri, kumene kumamveka motsika ndi mofulumira, mafuta amatulukira pakhungu la njere ndipo khofi amada, amalemera. Bohemian imadziwika ndi kukazinga kozama kotereku, pamene achinyamata ambiri a masiku ano amakonda kutulutsa msanga. Ine ndimaima ndi akale: kukazinga mozama osapsereza n'kovuta kuposa kukazinga mopepuka, chifukwa pakati pa kukoma ndi makala pamangodutsa masekondi owerengeka.

Tisanamizane, si nyumba iliyonse ya khofi ku Anmok imene ili ndi dzanja loterolo. Zambiri ndi zansanjika zitatu kapena zinayi, zamagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo chimene zimagulitsa kwenikweni ndi zenera. Alendo amaitanitsa khofi wa ayezi ngakhale m'nyengo yozizira, amajambula kapu ndi nyanja kumbuyo kwake, n'kumapita. Palibe cholakwika, nyanjayo njokongoladi. Koma amisiri enieni ambiri ali kutali ndi phokosolo, m'timisewu ta m'tauni ndi m'midzi ya m'mphepete.

Mzindawu uli ndi amisiri ena a madzi amene anayamba kale khofi asanabwere. M'mudzi wa Chodang, pakati pa mitengo ya paini kufupi ndi nyanja yaing'ono ya Gyeongpo, amadzuka usiku kugaya soya wonyika, kuwiritsa ndi kufinya mkaka wake kuti apange chakudya chotchedwa tofu. Kuti mkakawo ugwirane, m'malo mwa mchere wowawa umene ena amagwiritsa ntchito, iwo amathira madzi a m'nyanja yamchere. Nayonso ndi nkhani ya dzanja: akachulutsa, tofu amalimba n'kuwawa mchere, akachepetsa sagwirana. Wophika amathira pang'onopang'ono akuyang'ana mkaka ukuduka n'kukhala timibulu toyera toyandama. Amati njirayi inayamba ndi Heo Yeop, nduna ya m'zaka za m'ma 1500 imene dzina lake lolembera linali Chodang, bambo wa mlakatuli Heo Nanseolheon ndi wolemba mabuku Heo Gyun. Mbale ya tofu wofewa ameneyu, wotentha, wongodonthezera msuzi wa soya, ndiyo kadzutsa woyenera musanayambe khofi.

Zina zoti muone n'zosavuta kuzipeza. Ku Ojukheon, nyumba yozunguliridwa ndi nsungwi zakuda, n'kumene kunabadwira katswiri wamaphunziro Yi I mu 1536. Nkhope yake ili pa ndalama ya 5,000 won, ya mayi ake Shin Saimdang ili pa ya 50,000 won. Malo ogona ndi ambiri, makamaka chichitikireni masewera a Olimpiki a m'nyengo yozizira a 2018, pamene mipikisano ya pa ayezi inachitikira mumzindawu. Koma wofuna kuona luso lina akagone ku Seongyojang, nyumba yamatabwa ndi matailosi ya banja lolemera ya m'zaka za m'ma 1700, imene imalandira alendo. Bedi mulibe. Mumayala matiresi opyapyala pansi, ndipo pansipo m'pofunda, chifukwa Akoreya amatenthetsa chipinda kuchokera kunsi. M'nyumba zakale utsi wa moto unkayenda m'ngalande za pansi pa miyala yafulati yomatidwa dothi ndi pepala lopaka mafuta, usanatulukire kuchumuni chakuseri.

Ife a kuno khofi timamudziwa ali pamtengo. Amabereka ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, ndipo ndi wa mtundu womwewo wa arabica umene amisiri a ku Gangneung amauthirira mwaulemu chonchi. Ndiye mukadzapezeka kumeneko, makamaka m'nyengo ya chikondwerero cha khofi chimene chakhala chikuchitika kuyambira 2009, kawirikawiri mu Okutobala, mpando wa pazenera muwasiyire ena. Itanitsani khofi wothirira pamanja, wopanda shuga ndi mkaka, ndipo pemphani kukhala pamene mungaone ketulo.