Buku la Marwick ndi funso la umboni pa mlandu wa ufiti

Kwa ife a kuno ku Mchinji, buku la Max Marwick, Sorcery in its Social Setting (1965), silikamba za anthu achilendo. Marwick anafufuza pakati pa Achewa a m'boma la Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, tsidya lina la malire athuwa, pomwe Mchinji inkatchedwa Fort Manning.

Mphamvu ya bukuli ili pa funso lake: kodi amene amaloza chala ndani, nanga wolozedwayo ndani? Iye anapeza kuti kawirikawiri kunenezana ufiti kumabuka pakati pa abale a mbumba imodzi, pa nkhani za chuma chamasiye ndi ufumu. Mphunzitsi aliyense wa madrasa amene anakhalapo pa bwalo la anyakwawa avomereza. Mfiti sachokera kutali, amakhala atsibweni kapena agogo okhala ndi munda wabwino.

Pomwe tikusiyana naye ndi apa. Marwick akuona kunenezanaku ngati njira yomwe mbumba yokula imagawikira, achibale n'kupita kukamanga mudzi wawo. Mwina n'zoona, koma maso ake ali pa mudzi, osati pa nkhalamba yosalidwayo. Katswiri wa chikhalidwe akhoza kuima pamenepo. Wophunzira fiqh sangatero, poti funso lake ndi umboni.

Sitikana kuti sihr ilipo. Surat Al-Baqarah ndime 102 ndi Surat Al-Falaq zikuitchula. Koma kukhalapo kwa tchimo ndi kutsimikiza kuti uje ndiye walichita ndi nkhani ziwiri. Imam An-Nawawi, m'buku la Minhaj at-Talibin la madhhab athu a Shafi'i, akuti kupha munthu ndi sihr kumatsimikizika pokhapokha mwini wake atavomera yekha, osati ndi mboni, pakuti palibe diso loona cholinga cha wolodza ngakhale momwe ulodziwo wagwirira. Kuvomera kwa munthu womenyedwa nakonso si umboni. Nanga maloto a mwana, ula wa sing'anga, mwavi? Zonsezi sizilowa n'komwe m'bwalo la Qadhi. Ndipo Mtumiki (SAW) sanam'patse chilango Labid ibn al-A'sam amene anamuchitira sihr.

N'chifukwa chake lamulo la atsamunda la 1911, loletsa mwavi ndi kunenera munthu ufiti, sitilinyoza monga achitira ena, ngakhale maziko ake si athu. Mu 2021 komiti yapadera ya Law Commission inapempha kuti malamulo avomereze kuti ufiti ulipo. Tikufunsa chomwe Marwick sanafunse: woweruza adzalandira umboni wanji? Okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016, mphezi itapha mtsikana wa m'banja lawo, anaweruzidwa ndi anthu amene sankakayika konse.